Khungu la Mayi Zipora

Malemu mayi Zipora Nankhoma anabadwa pa 9 Meyi 1927 kuno ku Mitundu. Sukulu analekezera Sitandade 2. Mu 1946 anatengedwa chitengwa ndi a Efulemu a ku Nathenje, mlimi wa fodya, amene abale awo akhala apowo atazyolika.

Mu Epulo 1956 balani ya fodya inapsa a Efulemu ali m'kati, msana wonse n'kusupuka. Adokotala ku Lilongwe anapempha munthu woti apereke khungu lophimbira chilondacho. Abale awo aamuna onse anakumbukira mwadzidzidzi kuti kumunda kuli ntchito. Amene anachekedwa ntchafu zonse ziwiri ndi mayi agona apawa.

Khungulo analiyala pamsana, kulikuta ndi nsalu zamafuta, thonje ndi bandeji, wodwalayo n'kumugoneka m'neti. Adokotala ananeneratu kuti nsalu imatchinga ntchentche ndi fumbi basi, thupi lokha limakanabe khungu la munthu wina, ngakhale la mayi wokubala. Ntchito ya khungu loperekedwalo inali kusunga moyo mpaka khungu la mwiniwake litapezeka lomata. Patapita masabata ochepa khungu la mayiwa linada n'kufunduka, monga ananenera.

Inu a ku Nathenje munazimva ndi makutu anu. Koma munapita kumudzi n'kukafalitsa zoti thupi lakana chifukwa mkaziyo anayenda ndi mwamuna wina. Munawapirikitsa akutsimphina, mabala akuchucha mafinya, ndipo anafika kuno wapansi, mwana kumsana. Mwendo wakumanzere sunapolenso. Atisiya Lachiwiri, pa 12 Febuluwale 1957.

Mtima ukutiwawa, sitibisa. Anawa kumjigo akutchedwa ana a wachigololo. Tinapempha kuti mmodzi wa inu aimirire pano abweze mawu aja anawo akumva. Mwakana.

Malemu asiya ana atatu, Enelesi, Maliko ndi Esitere, amene akhala konkuno kwa amalume awo. Asiyanso amuna awo a Efulemu, awo avala jekete yatsopanowo. Anachira bwinobwino, koma pakamwa sanatsegulepo kuti aikire kumbuyo akazi awo.

Tikuthokoza amayi a mumpingo amene ankatsuka mabala m'mawa ndi madzulo osaipidwa, adzukulu amene akumba manda, ndi a Davide potibwereka ngolo. Nsalu yamaliro mwabweretsayo, a ku Nathenje, munyamule pobwerera. Tawafunditsa yathu.

Mzimu wa mayi Zipora uuse mumtendere.