Ndinabereka Apongozi Anga Kumsana

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, abale anga mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu nonse. Ine sindinazolowere kulankhula pagulu. Koma ndikakhala chete ndikhala ngati ndabisa zimene Mulungu anandichitira. Ndikufuna kuchitira umboni.

Ambiri mumandidziwa. Ndine mkamwini m'mudzi uja wa paphiri, kuseri kwa esiteti. Kwathu ndi ku Thekerani, kuno ndinatsata banja, ndipo papita zaka khumi ndi chimodzi. Ku esiteti ntchito yanga ndi ya khasu ndi fosholo. Ndimakumba ndi kuyeretsa ngalande m'minda ya tiyi, kuti mvula ikagwa isakokolole nthaka. Ndiye sukulu sindinapite nayo patali, koma madzi ndimawadziwa. Ndimadziwa kumene amafuna kupita, ndimadziwanso nthaka ikakhuta.

Zaka zonsezo, abale, nkhope ya apongozi anga aakazi sindinaiyang'anepo. Inu akuluakulu mukudziwa mwambo wathu. Ndikakumana nawo panjira ndinkapatukira kutchire. Akafuna kundiuza mawu ankatuma mwana wawo, amene ndi akazi anga, ine nkuyankhanso kudzera momwemo. Pakhonde pawo sindinapondepo. Sikunali kudana ayi, unali ulemu. Ndipo iwo mwambo umenewu ankaugwira ndi manja awiri, makamaka miyendo itawalaka, atayamba kuyenda chokwawa.

Mukukumbukira mvula ija ya chimphepo, imene inagwa masiku anayi osapumira. Chaka chimenecho tinabzala kawiri, mbewu nkupsa ndi dzuwa, kenaka madzi onse amene kumwamba kunatimana anabwera nthawi imodzi. M'mawa wa tsiku lachinayi ndikupita kuntchito ndinadzera kumtunda kwa nyumba ya apongozi. Ndinapeza nthaka yang'ambika. Mng'alu wake dzanja langa linalowamo mpaka m'chigongono. M'munsi mwake munkatuluka madzi ofiira, pamalo pamene sipanakhalepo kasupe.

Ndinapita kwa amalume a akazi anga, mwini mbumba. Ndinakhala pansi mwaulemu, ndinati, "Malume, phirili lakhuta madzi. Tiwachotse anthu lero lomwe."

Iwo anaseka, osati mwankhanza, ankangoseka. Anati, "Akamwini, phiri limeneli mwalidziwa liti? Ife tinabadwira pompano. Ndiye tichoke tipite kuti, tikagone mu tiyi?"

Funso limenelo linali loona. Mawu a Mulungu amatiuza za munthu wopusa amene anamanga nyumba yake pamalo osalimba. Ndawerenga ndime imeneyo kambirimbiri chichitikireni zimenezi. Koma abale, ife sitinamange potsetsereka paja chifukwa cha kupusa. Ndi pamene panatsala. Malo onse athyathyathya, a nthaka yakuya, muli tiyi kuyambira makolo athu asanabwere. Ife tinapatsidwa pamene mbuzi imaima mopendekeka.

Ndinawauza akazi anga kuti atenge ana atsike nawo kumsewu, ine ndinapita kuntchito. Apa ndikuulula pamaso panu, ndinalakwa. Ndinaona choopsa ndi maso anga, koma ndinaopa kuti dzina langa lifufutidwa pa ntchito. Ndinakagwira fosholo, nkumatsegulira madzi njira kuti tiyi wa eni asavulale, kwathu phiri likung'ambika.

Cha m'ma leveni ndinaweramuka kuyang'ana kumudzi. Mvula inali itachepako pang'ono, phiri likuoneka. Pamwamba pa mudzi pali mitengo itatu ya bulugamu imene ndinkaiona tsiku lililonse itaima chilili. Tsiku limenelo inali itapendekera kumudzi, yonse itatu, ngati anthu ogwada.

Ndinaponya fosholo. Akapitawo anati, "Bambo inu, mukupita kuti? Ngalande iyi sinathe."

Ndinati, "Phiri likutsika, akapitawo."

Anayang'ana, anaona okha. Anangoti, "Thamangani."

Ndinathamanga, abale. Ndinagwa kawiri, ndinadzuka. Panjira ndinakumana ndi anthu akutsika, ena atasenza mphasa, ena akukoka mbuzi, chifukwa chimwala china chinali chitagubuduka kale nkugumula khola. Ndinakumana ndi akazi anga, khanda kumsana, wina pamkono. Ankalira. Anati, "Amayi ndalephera kuwanyamula. Achimwene ali kutsidya, mtsinje wadzaza, sangawoloke. Amalume apita kukamasula mbuzi zawo." Ndinati, "Tsikani, musaime." Ine ndinakwera.

Nditafika, mudzi unali zii. Kunkangomveka madzi. Ndinaima pabwalo la apongozi, pamalo pamene ndinkalekezera nthawi zonse, ndipo miyendo inakana kupitirira. Mwina achinyamata museka. Koma zaka khumi ndi chimodzi zili ndi mphamvu. Ndinagwada m'matope nkuomba m'manja.

Mkati anafunsa, "Ndani?"

"Ndine bambo a Esinati, amayi."

Kenaka anati, "Mwana wanga palibe. Mubwere akabwera."

Ndinati, "Amayi, sabweranso kuno. Phiri likugwa. Ndabwera kudzakutengani."

Anati, "Inu? Mundigwire inu? Ayi bambo. Pitani mukalere ana. Ine ndakalamba, ngati ndi napolo andipeze m'nyumba mwanga ndili ndi ulemu wanga."

Ndinawachonderera. Ndinatchula adzukulu awo mmodzimmodzi. Iwo ankangoti, "Pitani, bambo, pitani." Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndinkaona madzi akutumphuka pansi m'nyumbamo ngati mphika ukuwira. Ndiye ndinamva pansi pa mawondo anga kulira, ngati lole yodzaza ikukwera chitunda, koma kulirako kukuchokera m'nthaka.

Abusa, pamenepo mtima wina unandiuza kuti, wayesetsa, akana okha, palibe adzakuimbe mlandu. Ndinaimirira. Ndinatembenuka, ndinalozetsa nkhope kunjira yotsika. Sindikubisirani, ndinali nditanyamuka. Ndinangoti, "Yesu, ndichite chiyani?" Pemphero lake linali lomwelo, silinatalike.

Ndipo ndili chiimire, msana nditalozetsa kukhomo, ndinazindikira kuti umu ndi mmene ndingalowere. Sindinamve liwu kumwamba, sindinaone kuwala. Koma nzeru imeneyo sinali yanga. Ndinayenda chobwerera m'mbuyo, ndinakwera khonde, ndinakankha chitseko ndi chidendene, ndinalowa chambuyo mpaka miyendo yanga inagunda mphasa yawo. Ndinanjuta pamenepo.

Ndinati, "Amayi, nkhope yanu sindikuiona, ndipo sindiiona. Uwu ndi msana chabe. Mukapanda kukwera ine sindichoka. Tifera limodzi muno, mwana wanu ataye mayi ndi mwamuna tsiku limodzi."

Khoma la kumtunda linayamba kugwetsa dothi. Ndinkamva kupuma kwawo kumbuyo kwanga. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji, kwa ine zinali ngati chaka. Kenaka ndinamva manja awiri ozizira pamapewa panga. Anati, "Mangani chitenjechi, manja anga alibe mphamvu." Ndinawamanga ngati mmene amayi mumamangira ana, mfundo pachifuwa. Anali opepuka, abale. Ndinadabwa kuti munthu amene ndinkamuopa zaka zonsezi ndi wopepuka chonchi.

Titatuluka sindinatsate njira ya anthu. Njira imeneyo imatsika molunjika m'khwawa, ndipo madzi ndi matope zimakonda momwemo. Ndinadula cham'mbali, kudzera m'munda wa nandolo, kulunjika pa mtumbira wa miyala umene uli pambali pa mudzi. Matope ankandifika m'mawondo. Iwo kumsana kwanga ankapemphera m'Chilomwe, mpweya wawo ukundiomba m'khutu. Ndinaterereka, ndinagwira tsinde la chinangwa, linazuka, ndinagwira lina.

Titangoponda pamiyala, phiri linatsika. Sindinacheuke, koma ndinalimva m'mapazi ndi m'mano. Mphepo yake inatikankha, ndinagwa chafufumimba iwo ali pamsana. Fungo la dothi lofukulidwa linadzaza paliponse. Nditadzutsa mutu, pamene panali nyumba zisanu panali njira yofiira yotakata, yotsika mpaka kumtsinje. Nyumba ya apongozi, nyumba yanga, zonse munalibe.

Amalume aja sitinawapeze mpaka lero. Sindikunena izi kuti ndioneke wanzeru. Anali munthu wabwino, ndi amene anandilandira m'mudzi muja. Mbuzi zimene anabwerera zinali chuma chawo chonse.

Ndinatsika nawo apongozi mpaka pa geti la esiteti. Anthu anali ataunjikana pamenepo, mvula itayambiranso, ana akunjenjemera. Mkati mwa mpanda muli shedi yoyezera tiyi, ya malata, pansi pa simenti, yopanda munthu. Mlonda anali atatseka geti. Anati, "Abwana sanalamule. Ndikatsegula ntchito yanga yatha." Nayenso ndi mmphawi mnzathu, maso ake anali ofiira.

Ndinayang'ana kupyola geti. Tiyi anali ataima mizeremizere, wobiriwira, ngakhale tsinde limodzi losazuka. Madzi ankayenda bwinobwino m'ngalande zimene ndinakumba ndi manja angawa. Mtima unandiwawa kwambiri.

Pamenepo apongozi anatukula mutu paphewa panga. Anati kwa mlonda uja, "Mwanawe, ine ndinathyola tiyi muno mayi ako asanakwatiwe. Miyendo iyi inathera m'mizere imeneyo. Lero ndikupempha denga basi. Tsegula."

Mlonda anatulutsa kiyi.

Mu shedimo ndinanjutanso, akazi anga anamasula chitenje nkuwalandira. Ndinasuntha mapazi atatu, ndinayang'ana kukhoma. Ndiye ndinamva akuuza mwana wawo, ine ndili pomwepo, "Ukawauze bambo a Esinati kuti ndathokoza. Uwauzenso kuti msana wawo uli ndi mafupa, azidya." Anthu amene anali kulira anaseka. Inenso ndinaseka, misozi ikutsika.

Pambuyo pake kunabwera alangizi kudzatifotokozera kuti nyengo yasokonekera chifukwa cha utsi wa mafakitale ndi magalimoto a m'maiko olemera akutali. Ndinakhala ndikuganiza. Apongozi anga galimoto amakwera popita kuchipatala pokha. Magetsi sanayatsepo m'nyumba mwawo. Amalume analibe ngakhale njinga. Amene anafukiza utsiwo nyumba zawo zilipo, ife ndi amene tikufukula abale athu m'matope. Ndinamufunsa Mulungu za zimenezi, ndipo ndimamufunsabe. Yankho lonse sindinalandire. Chimene ndikudziwa ndi chakuti Iye amamva kulira kwa osauka, ndipo sakondwera ndi muyeso wokondera. Ndiye ife ana ake tisamangoti ndi chifuniro cha Mulungu pa zinthu zimene achita ndi anthu.

Pano tikukhala kwa achibale ku Nchilamwela, anthu asanu ndi awiri m'chipinda chimodzi. Malo atsopano tinalonjezedwa, sitinawaone. Ena a m'mudzi mwathu abwerera kale kukaumba njerwa m'munsi mwa phiri lomwelo, chifukwa kwina kulibe, ndipo mitambo ikayamba kuda sadya. Abusa, akulu a mpingo, muwapempherere, komanso mukapita kumene kumakambidwa za malo, mukatilankhulire. Mawu anu amafika kumene athu safika.

Koma lero sindinabwere kudzadandaula. Ndabwera kudzathokoza Yehova amene anandibweza pakhomo paja, pamene ndinali nditanyamuka kale. Akanandisiya ndi nzeru zanga, bwenzi lero ndili moyo koma ndikulephera kuyang'ana akazi anga m'maso.

Amayi aja ali moyo. Ali muno. M'mawa uno anatuma mwana wawo kuti andiuze kuti akufuna kudzamva okha, ndiye tawabweretsa pa njinga. Akhala kumbuyo uko, mbali ya amayi, pafupi ndi khomo. Ine sindingayang'ane kumeneko. Inu yang'anani m'malo mwanga, muone chimene Ambuye achita. Mukawaona, imirirani, amayi mululute, abambo muombe m'manja, mukondwere nane pamodzi. Ulemu ndi ulemerero zipite kwa Iye yekha. Ameni.