Anawalanda Njinga Achimwene Chifukwa cha Sukulu Yanga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ndine Felista, ndimakhala ku Bangwe koma kwathu ndi ku Nsanje. Ndikufuna ndikuuzeni za ngongole ya sukulu imene inatsala pang'ono kutipasula pachibale, ndi mmene Mulungu ananditulutsiramo.

Digiri yoyamba ndinaphunzira ndi loni ya boma. Nditamaliza ndinagulitsa kaunjika ku Limbe kwa nthawi yaitali, mpaka ndinapeza ntchito ya muofesi pakampani ina yonyamula katundu. Malipiro anali ochepa, ndipo anzanga ankati popanda digiri yachiwiri sindidzakwezedwa. Ndinalembetsa makalasi a Loweruka. Fizi ndinakakongola kubungwe lina lobwereketsa ndalama, ndipo atafuna chikole, achimwene anga a Tobiyasi anapereka njinga yawo yamoto ya kabaza. Njinga imeneyo ndiyo inkadyetsa akazi awo ndi ana.

Poyamba zinkayenda. Kenako a loni ya boma ananditsata kuntchito n'kuyamba kudula pamalipiro, chiwongoladzanja chitakwera kale. Ndikalipira mbali ziwirizo, yotsala sinkakwana lendi ndi thiransipoti. Ndisanapume n'komwe, kampani inachepetsa antchito, ine ndili m'gulumo.

Miyezi inadutsa osalipira kalikonse. Kuyunivesite anandiuza kuti sindilemba mayeso fizi isanathe. Tsiku lina masana anthu a bungwe lija anafika pasiteji n'kuwalanda njinga achimwene, anzawo akuona. Achimwenewo sanandikalipire. Anabwera kwanga wapansi, chipewa cha njinga chili m'manja, n'kukhala pakhonde. Bola akanandinyoza. Alamu anga ananditumizira uthenga woti ana awo agona ndi njala chifukwa cha mapepala anga. Ndipo sankanama.

Abale, ndinafooka. Foni ndinkayizimitsa poopa ondikongoza. Kumapemphero a kumphakati ndinasiya kupita, chifukwa amayi a kumeneko ndi amene ankauza ana awo kuti atengere chitsanzo cha Felista. Makalata ofunsira ntchito ndinaponya paliponse, osayankhidwa ndi mmodzi yemwe. Ndikagwira kolona mawu ankandithera pakamwa. Pemphero limene ndinatsala nalo linali limodzi: Ambuye, za sukulu yanga zisiyeni, koma achimwene abwezereni njinga.

Eni nyumba yanga ndi Che Saidi, Msilamu wachikulire wokhoma mbaula mumsika. Lachisanu lina atachokera kumzikiti anandiitanitsa. Lendi inali itaunjikana, choncho ndinadziwa kuti akundithamangitsa. Ndinapita nditamanga kale zovala m'chitenje, osadziwa koti ndilowere.

Anandipatsa mpando. "Mwananga, nyumbayi simuchoka," anatero. "Ndinawaona achimwene anu pakhonde paja, mtima unandipweteka. Za lendi tidzakamba mukadzaimirira."

Ndinalira ngati mwana pamaso pawo. Nditatonthola anandifunsa ngati Chisena ndimachitha. Mwana wawo Asiyatu amagwira ntchito kubungwe lina lofufuza zaumoyo, ndipo ankasowa anthu ophunzira oti akacheze ndi amayi m'midzi ya ku Chikwawa ndi Nsanje m'chiyankhulo chawo. Chisena chomwecho chimene ndinkachita nacho manyazi m'tauni muno, n'kumawatsinzinira mayi anga akachiyankhula m'minibasi.

A bungwelo anandilemba ganyuyo. Ndinayenda padzuwa la kuchigwa miyendo mpaka kutupa, koma mumtima ndinkaimba. Malipiro oyamba sindinagulepo ngakhale sopo. Onse ndinakapereka kubungwe la ngongole lija, ndipo atawerengera zotsalira anavomera kutulutsa njinga. Achimwene ataigwira anangoti, "Chemwali, zatha, usadandaulenso." Alamu anatenga nthawi kuti andikhululukire, koma pano timadyera limodzi.

Asiyatu ndiye anandilimbitsa mtima kuti ndisiye kubisala. Anandiperekeza kwa a loni ya boma. Nditawafotokozera kuti ntchito inatha, tinagwirizana kuti ndizipereka pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi malinga ndi zimene ndapeza. Kuyunivesite nako anandilola kuimika maphunziro kaye osataya malo. Ndinadabwa kuti makomo amenewa anali otsekula nthawi yonse imene ine ndinkadzitsekera m'nyumba.

Sindikunamizeni kuti ndalemera. Ngongole ikadalipo, ntchito yokhazikika sindinaipeze, ndipo miyezi ina imandipanabe. Koma ndabwerera m'kalasi, ndipo ndikulemba kafukufuku wanga.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la munthu wosowa mawu. Ndikuthokozanso Che Saidi ndi banja lawo. Timapembedza kosiyana, koma Ambuye anagwiritsa ntchito manja awo. Inu amene ngongole ya sukulu yakukhalani pakhosi, musathawe, pitani mukakambirane nawo. Musayike chikole chinthu chimene m'bale wanu amadyera musanaganize kawiri. Ndipo musaleke kupemphera ngakhale mutatsala ndi chiganizo chimodzi chokha. Ine changa chinali chachifupi, chonenedwa ndi mtima wosweka, koma chinafika.