Selina sankadwala, ankandiyang'anira bateriya

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu nonse, abale ndi alongo. Ndine Jasinta, make Selina, wa ku bairo, dera lathu lija, la 25 de Setembro kuno ku Moatize. Umboni uwu ndaulemba ndekha, ndi zala zangazi, ngakhale maso anga saona. Koma musanayambe kuomba m'manja, ndiyambe ndaulula chimene ndakhala ndikukubisirani.

Chaka chatha munapempherera mwana wanga miyezi iwiri yathunthu. Dzina lake linkatchulidwa pamodzi ndi la odwala Lamulungu lililonse. Abale anga, Selina sankadwala. Ngakhale chimfine analibe. Ndine ndinanama. Ndinamuletsa kupita kusukulu kuti azindiyang'anira bateriya ya laputopu.

Ndikudziwa kuti ena mwaseka. Sekani, nanenso masiku ano ndimaseka. Koma nthawi imeneyo ndinkalira.

Ndinabadwira ku Zobue, kumtunda kozizira kuja. Makolo anga anabwerako ku Malawi nkhondo itatha, n'kuyamba kulima mbatatesi ndi kabichi. Mbatatesi yomweyo ndi imene inandiphunzitsa mpaka ndinatenga setifikado ya makompyuta ku Tete. Ndinapeza ntchito pamalire, kulemba mapepala a katundu wa m'magalimoto akuluakulu. Pomwepo ndinakumana ndi a Domingo, dalaivala, amene lero ndi bambo a Selina. Zinthu zinali bwino. Zinali bwino ndithu.

Selina ali ndi zaka zitatu, maso anga anayamba kuchita ngati muli nkhungu. Ndinkapukuta galasi la kompyuta poyesa kuti ndi fumbi. Silinali fumbi. Chaka chisanathe, adokotala anandiuza kuti mitsempha ya maso yauma ndipo siidzatsitsimukanso. Ntchito inathera pomwepo.

Ku Tete kuli kagulu ka anthu osaona. Kumeneko ndinakumana ndi a Zakariya, mphunzitsi wa makompyuta amene sanaonepo chibadwire. Anandiikira pulogalamu imene imawerenga mokweza chilichonse cholembedwa pagalasi, iwe n'kumamvera m'khutu. Maphunziro ake anali a miyezi itatu. Ine ndinakhalako masabata awiri okha. Nditangodziwa kulemba ndi kumva zimene ndalemba, ndinati basi. Mumtima ndinkati, ine wa setifikado ndikhale pa benchi limodzi ndi anthu amene sanaigwirepo kompyuta? Kunyada, abale. Kunyada basi.

Chimodzi chokha sindinafunse: munthu wosaona amadziwa bwanji kuti moto watsala wochuluka bwanji mu laputopu? Ndinadzipezera njira yanga. Ndinkatenga kalegadolo, kabokosi kaja ka pa chingwe cholowetsera moto, n'kukaika patsaya. Kakafunda, ndiye kuti moto ukulowa. Kakazizira, ndiye kuti magetsi azima, ndifulumire. Ku Zobue njira imeneyi inkagwira bwino, chifukwa kumeneko chinthu sichifunda chokha.

Kenako tinasamukira kuno ku Moatize. Anthu ofuna ntchito kumigodi ya malasha anali ambiri, ndipo aliyense ankafuna kalata yopempha ntchito yolembedwa bwino. Ndinaika tebulo pakhonde. Munthu amanena, ine ndimalemba, kenako amakasindikiza kumsika. Koma inu mukudziwa kutentha kwa kuno. Kuno supuni imafunda. Mpando umafunda. Ngakhale madzi a mumtsuko amafunda. Kalegadolo wanga ankafunda usana wonse, magetsi alipo kapena palibe.

Tsiku lina kunabwera bambo wina pa njinga kuchokera ku Nkondezi. Kalata yake inkafunika isanakwane twelofu koloko. Tinalemba, tinalemba, titatsala pang'ono kumaliza, mawu aja m'khutu mwanga anangoti zii. Ndinadina apa, ndinadina apo. Zii. Ndinaika kalegadolo patsaya, wofunda bwinobwino. Mnansi ndi amene anandiuza kuti magetsi anazima m'mawa. Bambo aja sanakalipe. Anangoti palibe kanthu mayi, n'kukwera njinga yawo. Zikanakhala bwino akanandikalipira. Zinachitikanso kachiwiri, kachitatu. Ndinayamba kumva kuti anthu akuuzana kuti kwa mayi osaona uja makina amagona pakati pa ntchito.

Ine ndine munthu wa nkhawa chibadwire. A Domingo amakhala pamsewu masabata atatu, anayi. Ndinkaopa kuti ntchito ikandithera ndikhala munthu wongodikira kudyetsedwa. Ndiye Loweruka lina Selina, amene anali atangoyamba kalasi yoyamba, anatsamira paphewa langa n'kunena kuti, "Mama, kachidebe kanu katsala pang'ono kuuma." Ndinamufunsa kuti kachidebe kanji. Anati kamene kali pakona pagalasi, kamadzaza n'kumatsika ngati madzi. Anati nthawi zina pamakhala kamphezi pamwamba pake.

Abale, ndinamva ngati ndapatsidwa maso.

Lolemba ndinamuuza kuti lero lokha usapite. Lachiwiri ndinati lero lokhanso. Sabata itatha, ndinatumiza uthenga kwa pulofesora, mphunzitsi wake, kuti mwana ali ndi malungo. Malungo sakhala mwezi wonse, ndiye ndinasintha, ndinati magazi ndi ochepa m'thupi. Bodza lomwelo linafika kuno kutchalitchi. Bambo ake akaimba foni ndinkati sukulu ikuyenda bwino.

Selina ankakhala pa kampando pambali panga. Pakapita kanthawi ndinkafunsa, kachidebe? Iye ankati kali pakati. Kamphezi? Kalipo. Tsiku lonse. Mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, kuyang'ana pakona pa galasi kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Ntchito inayenda, anthu anabwerera. Koma m'mawa uliwonse ana asukulu akamadutsa mumsewu akuimba, ndinkamva kampando kaja kakulira. Ndinkadziwa kuti waimirira kuti awaone. Sankadandaula. Tsiku lina ndikumusisita kumutu, dzanja langa linagunda kolala yolimba. Anali atavala yunifolomu yake kuti akhale nayo pa kampando paja. Ndinalowa m'nyumba, ndinatseka chitseko, ndinalira. Koma mawa lake ndinafunsabe kuti kachidebe kali pati.

Ndinkapemphera, inde. Koma ndinkapempha chinthu chimodzi: Ambuye ndibwezereni maso. Maso sankabwera. Ndiye ndinkati Mulungu wandisiya.

Lachinayi lina amayi atatu a mumpingo uno anabwera kudzaona wodwala. Ankawatsogolera mayi Rozita, amene amakhala kuseri kwa msika. Ndinamugoneka Selina pamphasa n'kumufunditsa chitenje, kutentha konse kuja. Anaimba, anapemphera, anasiya malalanje. Pochoka, Selina anadzuka kuti awaperekeze pachipata. Patapita kanthawi ndinamva mapazi a munthu mmodzi akubwerera. Anali mayi Rozita, ati aiwala ambulera. Analibe ambulera. Anakhala pa kampando ka Selina n'kunena motsitsa mawu kuti, "Make Selina, mwana wandinong'oneza kuti iye sakudwala, ali pa ntchito. Ntchito yanji imeneyo?"

Ndinafuna kunamanso, koma ndinasiya. Ndinawauza zonse, kuyambira kalegadolo wa patsaya mpaka kachidebe. Ndinkadikira kuti andikalipire. Iwo anangofunsa kuti makinawa anakuphunzitsa ndani. Nditatchula a Zakariya, anati ndiwaimbire pomwepo iwo alipo. Ndinati ndichita manyazi, ndinathawa maphunziro awo. Mayi Rozita anati, "Manyazi ako ali ndi zaka zingati? Mwana wako ali ndi zisanu ndi chimodzi. Imba."

Ndinaimba.

A Zakariya anabwera Loweruka pa chapa, minibasi zathu zija, kuchokera ku Tete, okha, ndi ndodo yawo. Atangofika pachipata anafuula kuti afuna aone wophunzira wawo wa masabata awiri amene anamaliza maphunziro a miyezi itatu. Nditawafotokozera za kalegadolo, anaseka mpaka kutsokomola. Anati, "Mana Jasinta, ku Moatize mukayeza ndi tsaya, ndiye kuti ngakhale njerwa ikulowa moto." Kenako anandiuza kuti zimenezi ankaphunzitsa sabata yachitatu.

Sabata yachitatu, abale. Ine ndinachoka yachiwiri.

Anatenga laputopu, anadinadina kwa kanthawi, kenako anandibwezera. Anati makinawa Chinyanja sanaphunzirebe, ndiwalankhule m'Chipwitikizi. Ndingotchula mawu amodzi okha, bateriya, momveka bwino. Ndinatchula. Pa nthawi yomweyo tambala wa mnansi analira, makina sanamve kanthu. A Zakariya anati tidikire abambo awo amalize ulaliki wawo. Ndinatchulanso mwamantha. Sanamve. Anati ndisawapemphe ngati ndikupempha mchere kwa apongozi, ndiwafunse ngati mwini wake.

Ndinakhala tsonga. Ndinati, bateriya.

Anayankha! Abale ndi alongo, makina aja anayankha. Anati moto watsala magawo makumi atatu pa zana, ndipo sukulowa. Ndinati bodza, chingwe chili pakhoma, kalegadolo ndi wofunda. A Zakariya anatuma Selina kuti akayatse getsi la m'nyumba. Silinayake. Magetsi anali atazima ife osadziwa. Makina ananena zoona, tsaya langa linanama.

Ndinafunsa kachiwiri. Anayankha. Ndinafunsa kachitatu, kachinayi, mpaka a Zakariya anati ndisiye, ndiwathera moto ndi mafunso. Ndinaimirira pakhonde paja n'kuyamba kuvina. Mayi Rozita, amene anabwera kudzaonerera, analuluta mpaka anansi anatuluka poyesa kuti maso anga atseguka. Sanatseguke. Koma Mulungu anandiyankha. Ine ndinkapempha maso, Iye anaona kuti chofunika tsiku limenelo n'chakuti mwana wanga achoke pa kampando. A Zakariya anandionetsanso mabatani oti ndizidina pamodzi phokoso likachuluka, yankho lake n'lomwelo. Asananyamuke anandilonjezetsa kuti ndibwerera kukamaliza maphunziro.

Lolemba m'mawa ndinamuveka Selina yunifolomu, ndinagwira ndodo yanga, tinapita limodzi kusukulu. Ndinkaopa kuti dzina lake analifufuta ndipo abwereza chaka. Kwa pulofesora sindinabise kanthu. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anati dzina likadalipo, koma anzake apita patali, ndipo ndikamujombetsanso tsiku limodzi popanda chifukwa adzabwera okha kunyumba. Anamupatsa ntchito yowonjezera masana aliwonse. Selina anakhoza, abale. Pano ali kalasi yachiwiri, ndipo amawerenga zikwangwani zonse za mumsewu mokweza, kaya wina wamufunsa kaya ayi.

Bambo ake ndinawauza atabwera ku ulendo. Sanalankhule nane tsiku lonse. Madzulo anabwera pakhonde, anakhosomola, n'kunena kwa laputopu kuti bateriya. Itawayankha, ndinawamva akuseka chamumtima. Kenako anati tisadzabisiranenso za mwana. Ndinavomera.

Lero moyo wanga ndi wotere. M'mawa Selina amapita kusukulu. Ine ndimatulutsa tebulo, ndimatsegula laputopu, ndimafunsa moto ndisanalandire munthu aliyense. Ukakhala wochepa ndipo magetsi kulibe, ndimamuuza munthuyo chilungamo, kuti kalata imodzi titha koma ziwiri ayi. Makina sanandigonerenso pakati pa ntchito. Loweruka ndimakwera chapa kupita ku Tete, kukakhala pa benchi lomwe lija ndinkalinyoza. Nkhawa sizinathe zonse. Nthawi zina ndimafunsa bateriya kawiri pa mphindi imodzi. Koma ndimafunsa makina, osati mwana.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandichititse manyazi monga ndinayenera. Ndikuthokoza mayi Rozita amene anasunga nkhaniyi mpaka lero kuti ndiinene ndekha. Ndikuthokoza a Zakariya. Ndipo inu nonse amene munapempherera matenda omwe kunalibe, ndikhululukireni. Mapemphero anu sanapite pachabe. Wodwala analipo m'nyumba muja, kungoti munapatsidwa dzina lolakwika.

Chatsala chinthu chimodzi, ndipo apa ndikufuna mundithandize. Tsiku lija makina atayankha, tonse tikuvina, Selina sanavine. Anabwera n'kundikoka chitenje, anati, "Mama, ndiye ine ntchito yanga yatha?" Ndinamuuza kuti ntchito yake ili kusukulu. Anavomera, koma mawu ake anali aang'ono.

Ndiye masiku ano akamabwera kuchokera kusukulu, ndikangomva chipata chikulira, ndimanong'oneza makina n'kumva yankho m'khutu. Iye akafika pakhonde, ndimachita ngati sindikudziwa kanthu. Ndimati, Selina, tandionera kachidebe. Amaponya chikwama pansi, amatsamira paphewa langa, n'kundiuza. Pano satinso kali pakati. Amawerenga nambala yeniyeni, ndipo siisiyana ndi imene ndamva kale. Kenako amathamanga kukasewera.

Ndinalonjeza Mulungu kuti sindidzanamanso za mwana ameneyu. Koma kamodzi patsiku ndimamufunsa chinthu chimene ndikuchidziwa kale. Abale ndi alongo, ndiuzeni inu: ndikulakwa?