Tsiku Limene Ndinaba Laputopu ya Mwana Wanga

Aleluya mpingo! Ndati aleluya! Abusa ndi amai abusa, akulu a mpingo, amai anzanga a Lachinayi, ndi inu achinyamata kumbuyo uko, mwauka bwanji nonse? Ine ndauka, Yesu wandidzutsa. Amene simundidziwa, ndine amai Mwanza a ku Kalindawalo. Ndikufuna kuchitila umboni. Koma ndineneletu, umboni umenewu ine mwini wake sindikuumvetsa bwinobwino, ndiye mundipilile.

Abale, ine ndinaba. Ee, musayang'ane pansi, mwamva bwino. Ndinabela mwana wanga wobala ndekha, katundu wakubayo n'kupita naye kunyumba kwa abusa. Onani abusa akuseka, akukumbuka.

Ndili ndi mwana wamkazi, Esinati. Bambo ake atamwalila ndinamuphunzitsa ndi nshawa ndi thonje, mpaka anamaliza koleji n'kulowa nchito ya muofesi ku Lusaka. Ine kunyada! Munthu akandifunsa za mbuzi, ine ndinkamuyankha za Lusaka.

Chaka chatha titangokolola, ndangoona mwana watulukila ndi zikwama ziwili ndi sola ya padenga. Akuti, "Amama, ndabwela kudzakhala." Mtima wanga unagwa. Ndati, "Akuchotsa nchito?" Akuti, "Iyai amama, nchito ndabwela nayo." Ndati, "Ili kuti?" Akuloza chikwama. Abale, ine ndakula. Ndaona anthu akupita ku nchito, ndaona anthu akuchotsedwa nchito, koma nchito yokwela basi kubwela kumudzi ndinali ndisanaione.

M'mawa mwake wasamba, wavala bulauzi yabwino yositasita, koma m'munsi chitenje chakale ndi patapata. Watenga kampando, wakakhala kuseli kwa nkhokwe, akuti ndi pamene netiweki imagwila. Watsegula kamakina kake kotsegula ngati buku, akuti laputopu, waika tinthu m'makutu, wayamba kulankhula yekha. Kulankhula yekha, abale! Chizungu, kuseka, kugwedeza mutu, pamaso pake pali nkhuku chabe.

Ndinamufunsa bwinobwino kuti, "Mwanawe, nchito yako n'chiyani?" Akuti, "Ndimayang'anila mitengo ya ku Nyimba." Ndati, "Nanga bwanji sukupita ku Nyimbako?" Akuti amaiona pa zithunzi zojambulidwa kuchokela kumwamba. Ndati, "Abwana ako ali kuti?" Akuti ku Kitwe. Tamvani: mitengo ku Nyimba, abwana ku Kitwe, wanchito kuseli kwa nkhokwe yanga. Ndinangoti chabwino, koma mumtima ndinati mwanayu akundibisila manyazi, nchito inatha.

Ndiye ndinayamba kusala kudya. Ena a inu munandimva pano ndikupempha kuti, "Pemphelelani mwana wanga apeze nchito." Munapemphela, zikomo. Koma mwezi ukatha, foni yake yalila, ndalama yalowa. Wagula feteleza, wasintha malata odontha. Ine mutu wangozungulila. Ngati nchito ilipo, bwanji sapita? Ngati kulibe, uyu wolipila ndani?

Funso limenelo silinali langa ndekha. Kuchigayo anayamba kunong'ona. "Mwana wa amai Mwanza amalankhula ndi anthu osaoneka." "Ndalama zopanda thukuta timazidziwa." Mpaka analitchula dzina lake: akuti analowa za usatana ku Lusaka, manje wabwela kudzapeleka achibale. Mlongo wanga atadwala malungo, anthu anangoyang'anana n'kuti, "Zayamba."

Chimene chinandithyola ndi ichi. Kunagwa malilo pamudzi woyandikana nafe. Ndinasenza ufa wanga m'beseni monga timachitila tonse. Amai ophika analandila, n'kuuika pambali, pansi pa mtengo. Tinaika malilo, tinadya, anthu anabalalika. Pobwelela ndapeza beseni langa lili pomwepo, ufa wake osakhudzidwa ngakhale ndi chikho. Ndinausenza kubwelela nawo kunyumba. Amai anzanga, mukudziwa tanthauzo lake. Ndinalila njila yonse.

Ndipo ndivomeleze pamaso pa Mulungu: nanenso ndinayamba kumuopa mwana wanga. Akandipatsa tiyi, ndinkayamba ndapemphela kawili.

Lachinayi lina m'mawa, Esinati walowa kubafa. Ine ndalowa m'chipinda chake, ndakulunga laputopu ija m'chitenje, ndatenga kabotolo ka mafuta odzozela kamene ndinagula kwa bambo wina pamsika, liwilo kwa abusa. Ine ndi miyendo yangayi, liwilo! Ndafika, ndaiika pakhonde, ndati, "Abusa, chiwanda chili umu. Tichithile mafuta, chikakana tichitenthe." Botolo ndinali nditatsegula kale. Abusa anandigwila dzanja n'kuti, "Amai, dikilani. Mafuta ndi makina sizimvana. Timumve kaye mwini wake." Abusa, Mulungu akudalitseni chifukwa cha dzanja lija.

Tisanakhale n'komwe pansi, njinga yafika. Esinati, thovu la sopo likadali kukhutu, maso ofiila. Sanakuwe, abale. Bola akanakuwa. Anangonena motsitsa kuti, "Amama, lelo teni koloko abwana akugamula ngati ife ogwilila kumudzi tipitilize kapena atibwezele ku ofesi. Ndikapanda kuonekela, anena kuti zakumudzi sizitheka." Kenako anaona botolo lija m'manja mwanga. Akuti, "Anthu onse anene zimene akunena. Koma inunso, amama?"

Nthawi inali itakwana, kubwelela kunyumba kunali kosatheka. Esinati anaitsegula laputopu ija pomwepo pakhonde la abusa, mwamwayi netiweki inagwila. Abusa akuti, "Amai, bwelani muone anthu osaoneka aja." Ine ndinayandikila ndikutchula mwazi wa Yesu chamumtima.

Abale, munali anthu! Anthu enieni, m'timabokosi ting'onoting'ono, aliyense ali kwawo. Wina kumbuyo kwake tambala akulila. Wina akumwa tiyi. Ndipo abwana aja, ine ndinkaganiza bambo wamimba wa tayi, anali mai, mwana wakhanda ali pamiyendo. Ine kungomva kuti awa ndi abwana, ndinagwada pasimenti n'kuomba m'manja. Onse m'timabokosi muja anaseka. Abwana akuti, "Amai, nyamukani, ife ndife ana anu." Mpaka lelo sindidziwa ngati ndinalakwa kugwada. Munthu wamkulu umamupatsa moni bwanji ali m'galasi?

Kenako Esinati anayamba kuwaonetsa nchito yake, ine ndikusuzumila. Anaonetsa phili lina la ku Nyimba, n'kulitchula dzina. Ndinalidziwa. Malemu bambo ake ankaotcha makala kumeneko tili achinyamata, ine ndikuwathandiza kusoka masaka. Chithunzi chakale, phili lili mbee ngati mutu wometa. Chithunzi cha chaka chino, laphuka, labiliwila uku ndi uku. Akuti anthu akumeneko asiya zitsa kuti ziphukile, ena apachika ming'oma ya njuchi, akugulitsa uchi m'malo mwa makala. Ine ndinkadziwa kuti mitengo imatha. Tonse timadziwa zimenezo, tikuona mvula mmene ikuchitila. Koma kuti ingabwelele, ndipo mwana wa wootcha makala ndiye akuiwelenga, zimenezo mutu wanga unakana kunyamula. Ndinangopezeka misozi ikutsika.

Msonkhano unatha, abwana anawalola kupitiliza kugwilila kumudzi. Musayambe kuomba m'manja, sindinamalize. Tabwelela kunyumba, Esinati sanandilankhule. Tsiku loyamba zii, lachiwili zii. Lachitatu ndaona zikwama zija zili pakhomo, zomangamanga. Akuti, "Nchito ndingagwilile kulikonse, amama. Ndikapeza kachipinda ku Boma kapena ku Chipata. Sindingakhale ndi munthu wondiopa."

Ndinakhala pansi pakhomo pomwepo, pafupi ndi zikwamazo. Ndati, "Mwanawe, ndinalakwa. Ndinamvela anthu a kuchigayo kusiya iwe. Ndikhululukile. Koma undiuze chimodzi chabe, pakuti mai ako ndi mbuli. Anzako onse akuthawila ku tauni. Iwe unali kale ku Lusaka, magetsi, madzi a pampopi. Unabwelelanji kuno?"

Esinati akuti, "Mukuganiza kuti sindinamve kuti munagwa m'munda wa thonje, n'kugona pamenepo mpaka dzuwa kupendeka popanda wokuonani? Munauza aliyense kuti asandiuze. Ndinamva, amama. Miyezi itatu ndinawapempha abwana kuti andilole ndikagwilile pafupi ndi inu."

Abale. Abale inu. Ine kusala kudya konse kuja, kupempha mapemphelo konse kuja, ndinkapempha chiyani? Ndinkapempha kuti Mulungu amuchotse mwanayu pakhomo panga, amubwezele kutali. Iye akugwada kwa abwana kuti abwele kwa ine, ine ndikugwada kwa Mulungu kuti apite. Ndipo Mulungu, mwa chifundo chake, pemphelo langa analikana. Ndinkati Mulungu sakundimva, chonsecho ankandimva bwino lomwe.

Tinalila tonse awili. Zikwama anamasula yekha.

Manje musandifunse kuti zithunzi zimatsika bwanji kumwamba, sindidziwa. Musandifunse kuti dzuwa la padenga limalowa bwanji m'makina, sindidziwa. Ndinazolowela kunena kuti dziko likutha, ana atayika, zonse zaipa. Lelo sindikudziwanso chonena, chifukwa dziko lomwelo landibwezela mwana. Inu amene ana anu ali kutali, musataye mtima, zinthu zikusintha mwanjila imene ife akale sitingailondole.

Ndikuthokoza Yesu. Ndikuthokoza abusa. Esinati, imilila mwanawe, usachite manyazi, imilila akuone. Uyo, wa duku lobiliwilayo. Mpingo, muyang'aneni bwino. Si wa satana uyo, ndi wanga, ndipo ndanena ine mai wake pamaso panu nonse. Amai anzanga, nthungululu zili kuti? Imilani, kondwelani nane, muombeleni Yesu m'manja! Aleluya!