Ndinaibisa Lole ya a Mahmudu

Ine, Dorica Maziko, wa zaka 47, wa m'mudzi mwa Mpindiza ku Utale, boma la Balaka, wogulitsa tiyi m'mbali mwa msewu wa Balaka kupita ku Liwonde, ndikunena izi lero Lachisanu, pa 17 Okutobala 2025.

Mapazi ngati makumi atatu kuchokera pa tiyirumu yanga pali mtengo wa mthethe, pamene a tirafiki amakonda kuima n'kumayendera malole. Amaona matayala, mabuleki, magetsi, mapepala, mpaka kachitini kozimitsira moto. Dalaivala yemwe galimoto yake ili ndi vuto amakhotera kuseri kwa tiyirumu, n'kumamwa tiyi mpaka abwanawo achoke. Ndikafunsidwa za mwini galimoto ndimati sindikumudziwa. Ndachita zimenezi zaka zisanu ndi chimodzi. Lembani, sindikubisa, tiyi pamenepo amayenda choncho.

Dzulo Lachinayi cha m'ma 4 koloko madzulo kunafika lole yoyera ya matayala khumi, yodzaza matumba a simenti, ya nambala ndakupatsani ija. Dalaivala anali bambo wamtali, wa imvi m'ndevu. Anati ndi a Mahmudu Sumani, achokera m'tauni ya Balaka ndipo akupita ku Ngokwe. Loleyo sanaiike kuseri. Anaiimika pansi penipeni pa mthethe. Ndinawauza kuti bambo, pamenepo ndi pakamwa pa ng'ona, isunthireni kuno. Anangomwetulira n'kunena kuti injini yatentha, ipume kaye.

Akumwa tiyi anandifunsa tsiku lomwe a tirafiki amabwera. Ndinati kawirikawiri Lachisanu, dzuwa likamayandikira paliwombo. Anagwedeza mutu. Anagona m'galimoto momwemo.

Lero m'mawa anakhala pabenchi maso ali kumsewu. Mandasi omwe ndinawaikira sanawakhudze. Foni yawo inalira kanayi, ndipo nthawi zonse ndinawamva akuyankha kuti iyayi bwana, sinazizirebe. Ndinadabwa, chifukwa injini yogona usiku wonse siikhala yotentha, koma za eni n'za eni.

Nthawi itakwana 20 past 12 a tirafiki anali asanafike. A Mahmudu anavala zoyera ndi kofiya, n'kunena kuti akupita ku mzikiti ku swala ya Ijuma, mtunda wa kilomita imodzi. Anang'amba pepala la shuga n'kulembapo nambala yawo. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati, “Akangofika mundiimbire, mayi. Ngakhale ndikhale pakati pa swala.”

Madalaivala onse amanena choncho, ndipo tanthauzo lake limakhala limodzi: undichenjeze kuti ndisaoneke. Ine ndinamva choncho.

Cha m'ma quarter to 1 ndinaona galimoto ya a tirafiki ikubwera chapatali. Ndinati munthu ali pamaso pa Mulungu wake, ndimusokonezerenji pa kanthu komwe ndimatha ndekha? Sindinaimbe. Ndinathyola nthambi za mthethe n'kuziyala pamsewu kutsogolo ndi kumbuyo kwa lole, kuti ioneke yowonongeka.

Anatsika atatu, amuna awiri ndi mayi mmodzi. Mayiyo anandifunsa za mwini lole. Ndinati yafa injini kuyambira Lachiwiri, dalaivala wapita ku Blantyre kukasaka chitsulo. Mmodzi wa amuna aja anazungulira, n'kugogoda matayala, kenako anagwada pa matayala akumbuyo a kumanzere kuti asuzumire pansi. Apo ndinakuwa kuti bwana samalani, m'mawa ndaona njoka ikulowa pamenepo. Anadzambatuka, anzake n'kumuseka. Mayi uja analemba nambala ya lole m'buku lake, n'kunena kuti adzaiona ikadzauka. Anagwira ntchito yawo, anayendera malole ena anayi, imodzi anailetsa kupitirira chifukwa cha tayala losalala. Anachoka hafu pasiti 1.

A Mahmudu anabwerako patapita mphindi khumi ndi zisanu. Ine ndinawachingamira ndi chimwemwe, ndinati lero mugula mandasi onse, ndakupulumutsani. Anandifunsa kuti kwa ndani. Nditawafotokozera, anafunsa kawiri ngati a tirafiki apitadi. Kenako anakhala pansi, padothi, atavala zoyera zawo zija.

Atadzuka ananditengera pa matayala omwe aja akumanzere n'kundiuza kuti ndigwade. Ndinaona paipi yakuda ya mpweya itapindidwa pakati, n'kumangidwa ndi waya wofanana ndi woyanikira zovala. Anati inkatulutsa mpweya, ndipo ku galaja ya kampani yawo, m'malo mogula ina, anangoitseka. Anati matayala onse odalira paipi imeneyo alibe mabuleki. Pamsewu wathyathyathya wa Balaka munthu atha kuyenda nayo mwapang'onopang'ono, koma kukatsetsereka zitunda za msewu wa ku Ntaja ndi simenti yodzaza chonchija, otsalawo amatentha n'kusiya kugwira.

Ndinawafunsa kuti nanga osangokana bwanji. Anati mnzawo anakana mwezi watha ndipo pano ali kumudzi. Anati akanapita okha kwa a tirafiki, bwana akanati amupereka. Koma a tirafiki akanaipeza okha pamsewu n'kuiletsa, palibe akanawaloza chala. Anati, “Sindimawathawa, mayi. Ndagona pano kuwadikirira.”

Ndinapepesa, ndinapepesanso. Iwo anati palibe mlandu, ndinachita zomwe ndimadziwa.

Cha m'ma 20 past 2 kunafika pikapu yotuwa. Munatuluka bambo wamfupi wonenepa, yemwe a Mahmudu anamutchula kuti a Wyson, kapitawo wa kampani. Sanapereke moni kwa munthu. Anaona nthambi zija pamsewu, n'kuzikankha ndi phazi imodziimodzi. Anafunsa kuti, “Maliro a ndani awa?”

Anakhudza kutsogolo kwa lole n'kunena kuti injini ikuzizira ngati madzi a mumtsuko. Anatenga pulayala m'pikapu, analowa pansi, ndipo ndinamuona akukhwimitsa waya uja. Atatuluka anauza a Mahmudu kuti simenti ikufunika ku Ngokwe dzuwa lisanalowe, ndipo ngati ukalamba wawapatsa mantha apereke makiyi, dalaivala wina akudikira pa foni. A Mahmudu anafunsa ngati winayo amuuza za paipi. A Wyson anati paipi yanji.

Ine mkamwa simundichedwa. Ndinati paipiyo ndaiona ndi maso angawa ndipo ndikanena. Anatembenuka n'kundiyang'ana koyamba. Anati, “Si inu mwauza a tirafiki kuti galimoto yafa Lachiwiri? Anthu andiuza kale. Akukhulupirirani ndani?” Kenako anayang'ana denga la udzu la tiyirumu yanga nthawi yaitali, n'kunena kuti chaka chino dzuwa laumitsa zinthu kwambiri. Ndinachita mantha, ndipo mpaka pano ndili nawo.

A Mahmudu anati ayendetsa okha, chifukwa ndi iwo okha akudziwa matenda a galimotoyo. Asanakwere anandipempha kapepala ka shuga kaja. Pansi pa nambala yawo analembapo ina, ndi dzina loti Ayisha. Anati ndi akazi awo, ali ku Ntaja, ndipo ndidzadziwa ndekha ngati kudzafunike kuimba.

Lole inanyamuka 10 to 3 kulowera ku Liwonde, pikapu ili pambuyo pake. Ndinatseka chitseko, ndinasiya ketulo pamoto, ndinakwera kabaza kubwera kuno ku polisi. Ndafika hafu pasiti 3.

Ndili pompano a Sajeni aimbira anzawo a ku Liwonde kuti aiimitse. Ndamva ndi makutu anga akuyankha kuti yawoloka kale mlatho wa Shire ndipo akutumiza galimoto kuti iithamangire. Ine ndaimbira a Mahmudu kasanu ndi kawiri. Maulendo asanu oyamba foni imaitana, osayankhidwa. Awiri omalizawa siikupezeka.

Bodza kwa a tirafiki ndinanena ine, nthambi ndinayala ine, njoka kunalibe. Palibe anandituma. Mulembe choncho, musandichepetsere.

Zomwe ndikudziwa ndi zimenezi. Nambala yachiwiri ija sindinaimbebe.

Mwandiwerengera ndipo ndavomereza kuti ndi mawu anga.

Saini: D. Maziko
Nthawi: 4:25 madzulo