A Mkulu Akana Mpeni

Kwa zaka makumi awiri a Mkulu wampingo analalikira kuti mpeni wa dokotala ndi chipongwe kwa Mlengi, ndipo tsiku limene matumbo awo anapotana, akazi awo atawathamangitsira kuchipatala akubuula, anapezeka ali chagada m'wodi ya amuna, dilipi pamkono, fomu ya opareshoni ili pakabati yosasainidwa. Dokotala ananena mosapsatira kuti ikakwana 2 koloko asanalowe ku fiyeta, mawa adzakhala akuimbiridwa nyimbo, koma a Mkulu, poona amayi a mpingo atazungulira bedi, anakweza chala n'kukana mokweza mawu mpaka odwala a kumapeto kwa wodi anamva.

Amayi aja anaomba m'manja. Belu lotulutsa alendo litalira anapita, akazi awo anatsika kukagula sopo, ndipo kulimba mtima konse kunatuluka nawo limodzi pakhomo. Anatsala ndi mlamu wawo, kalipentala, munthu amene mawu aliwonse a paguwa ankawasunga monga amasungira misomali m'chitini, osatayapo umodzi. A Mkulu ankafuna kukhala ndi moyo, ndipo ankaufunitsitsa, koma ankafuna wina awakakamize. Dokotala anali atasiya kamwayi kamodzi: wodwala akalephera kudzisankhira, wachibale ndiye amasaina.

"Alamu," anatero a Mkulu, maso ali kudenga, "munthu akagona tulo sadziwa chomwe akuchitidwa."

"Zoona."

"Ndiye wina akamuchita kanthu ali mtulo, tchimo silikhala lake."

"Gonani, a Mkulu. Ine ndikhala pompano. Ngakhale ntchentche sikuterani."

Anakokera mpando kufupi n'kukhala pakati pa bedi ndi njira, mikono atapinda ngati mlonda wa pageti. A Mkulu anayang'ana nthawi. Wotchi ya pakhoma inali itadutsa 12 koloko.

"Fomu ija, ndamva kuti wachibale amathanso kusaina."

"Nanenso ndamva. N'chifukwa chake cholembera cha anesi ndachibisa."

"Mwachibisa kuti?"

"M'sokosi. Satana amalowera pa tinthu ting'onoting'ono. Munatero ndinu, mwezi watha."

A Mkulu anadana ndi mwezi watha. Ululu unawagwira pansi pa mchombo, iwo n'kufinya chitsulo cha bedi mpaka zala kuyera. Utadutsa anayesa njira ina. Anafotokoza, mwa mawu a chiphunzitso aja, kuti wachibale wachikondi samangovomera zilizonse, amaumirira, amachonderera wodwala ngakhale wodwalayo akukana. Kalipentala anamvetsera mutu uli pambali, kenako anafunsa ngati akufuna kuti iye ayese. A Mkulu anati ayese.

Kalipentala anaimirira n'kukonza kolala. "A Mkulu, lolani akuchiteni opareshoni."

"Ayi, sindingalole," anayankha a Mkulu mwaulemerero, pang'onopang'ono, kusiya mpata waukulu woti munthu alowerepo.

"Chabwino." Anakhala pansi.

"Basi?"

"Mwapambana mayeso. Ndikachitira umboni Lamulungu."

"Munthu amaumirira kawiri, katatu, alamu."

"Aa, ine kuyesa munthu wa Mulungu katatu? Kamodzi komweka mtima ukunditsutsa."

Pabedi loyandikana panali dalaivala wothyoka mwendo, amene anadzifunditsa bulangete kumutu, ndipo bulangetelo linkagwedezeka. A Mkulu anaona kuti akuseka, ndipo zinawapweteka kuposa matumbo. Anatsitsa mawu. Popeza mlamu wawo sankamva za chikondi, anaganiza zomugwira ndi malemba, poti kumeneko ndiye kunali kwawo.

"Taganizani, alamu. Munthu woyamba uja, kodi Mulungu sanamugoneke tulo n'kumuchotsa nthiti? Imene ija sinali opareshoni?"

"Funso limenelo anakufunsani aphunzitsi aja munawachotsa mumpingo."

"Ndinayankha chiyani?"

"Munati Mulungu sanavale magolovesi."

"Ndinatero ine?"

"Tinaseka tchalitchi chonse. Aphunzitsi anatuluka misozi ili m'maso."

"Chabwino, nanga nzeru za madokotala anawapatsa ndani?"

"Munati yemweyo anapatsa nzeru njoka."

Palibe chowawa ngati kumenyedwa ndi ndodo yosema wekha. A Mkulu anatembenukira kukhoma n'kuyamba kutukwana chamumtima tsiku limene munthu ameneyu anaphunzira kumvetsera. Ena onse mumpingo ankagona nthawi ya ulaliki, ena ankapita kuchipatala mobisa n'kubwera atabisa mabandeji m'malaya, ndipo iwo ankadziwa, ankangoyang'ana kumbali. Mwa anthu mazana awiri, Mulungu anawasankhira mmodzi yekhayo amene ankakhulupiriradi kuti akhale pambali pa bedi lawo.

Akulingalira choncho anamva kanthu kozizira kakukhudza chidendene. Atacheuka anapeza mlamu wawo atatambasula tepi yoyezera kuchokera kuphazi mpaka kumutu, pensulo ili kukamwa.

"Mukutani?"

"Musagwedezeke. Ndikufuna kupeza utali."

"Utali wa chiyani?"

"Bokosi. Matabwa abwino ndili nawo, ouma, ndinkasungira kabati ya mayi wina, koma adikira. Mapewa anuwa ndi otambalala, ndiwonjezera zala zitatu kuti musapanikizike."

"Ndani wakuuzani kuti ndikufa?"

"Adokotala. Inu mwavomera pamaso pa anthu. Kodi mkati mukufuna nsalu yoyera kapena ya buluu?"

Inali 1 koloko. A Mkulu anaona kuti zonong'oneza zakanika, kwatsala njira ya dokotala ija. Anatulutsa kubuula kumodzi kwakutali, anatembenuza maso, anagwetsa mkono m'mbali mwa bedi n'kukhala zii, kukamwa kuli yasa. Anachita bwino ndithu, poti munthu amene wakhala akugwetsa anthu paguwa zaka zonsezi amadziwa magwedwe ake. Anadikira kumva mapazi akuthamangira kwa anesi.

Anamva mpando ukusunthidwa. Katani inakokedwa mwakachetechete kuzungulira bedi. Kenako zala zokhakhala, zonunkha guluu, zinawatseka zikope, n'kuwakankha chibwano kuti kukamwa kutsekeke, n'kuwapingasa manja pachifuwa. Kalipentala anayamba nyimbo ya maliro chapansipansi, ndipo pakati pa vesi anatulutsa foni n'kuyamba kufufuza nambala ya mlembi wa mpingo.

A Mkulu anatsegula diso limodzi. "Simuitana anesi?"

Foni inagwa pansi. Kalipentala anagwada. "Mwauka! A Mkulu, mwauka, popanda mpeni."

"Sindinafe, munthu iwe. Ndinakomoka. Munthu akakomoka amaitanirwa anesi, wachibale n'kusaina."

"Ine ndikanasaina bwanji inu musakuona? Kumeneko n'kubaya munthu kumsana."

"Bayani. Ndakulolani."

"Mukundiyesanso."

Apa ululu unabwera wosapempha, weniweni, ndipo unawapinda a Mkulu pakati mpaka mawondo anafika pachifuwa. Thukuta linali kamukamu. Ulemerero wonse unathera pomwepo. Anagwira malaya a mlamu wawo n'kunena momveka, mopanda mwambi kapena fanizo, kuti akufuna opareshoni, akufuna dokotala, akufuna mpeni, ndipo ngati mpeni wa chipatala uli wotanganidwa abweretse sowo ya ku shopu. Anati akuopa kufa. Anabwereza kawiri, chifukwa zinali zoona.

Kalipentala anawasisita dzanja mwachifundo, osadzuka.

"Limbani mtima. Amene akuyankhulayu si inu, ndi thupi."

"Ndine. Ndine ndemwe."

"Mlongo wanu ankateronso. Mukukumbuka, chotupa chija chitamugwira, mmene ankakuwira kuti ndimutengere kuno? Ine ndinali nditaimitsa kale galimoto pamsewu. Inu munandigwira phewa pakhomo, munati, alamu, musamvere, si iye akuyankhula, ndi thupi. Ndinaibweza galimoto ija. Anandiyang'ana masiku atatu, kenako anapita. Ndiye lero ndikuchitireni zochepa kuposa zimene ndinachitira mkazi wanga?"

Ananena mopanda mkwiyo, mmene amanenera muyeso wa chitseko. Bulangete la dalaivala linasiya kugwedezeka. A Mkulu anakumbuka galimoto ija, yoyera, ikubwerera chammbuyo, ndipo anakumbukanso kuti pamaliro analalikira ola lathunthu ndipo anthu anati sanalalikirepo bwino chotero. Manyazi anawagwira, akulu, koma tinene zoona, mantha anali akulu kuposa manyaziwo. Wotchi inali itatsala mphindi makumi awiri kuti ikwane 2 koloko.

A Mkulu anaitana okha anesi, ndi mawu aja ankadzaza tchalitchi popanda maikolofoni. Nesi anabwera akupukuta m'manja, mayi wotopa amene anali ataona olimba mtima ambiri akusintha maganizo ikamayandikira 2 koloko. Anatola fomu, anasisita m'thumba kufuna cholembera, ndipo kalipentala, poona kuti mwini wake wachifuna, anawerama n'kuchisolola m'sokosi. Nesi anachiyang'ana, anamuyang'ana iye, n'kuchipukuta ndi thonje la spiriti. A Mkulu anasaina msangamsanga mpaka pepala linabooka.

Powakankha pa machira kupita ku fiyeta, kalipentala ankayenda pambali atanyamula nsapato zawo, nkhope ili yosokonezeka ngati munthu amene wapeza kuti tepi yake yakhala ikunama zaka zonse. A Mkulu, poona kuti moyo ukubwerera, nzeru zakale zinayambanso kubwerera. Anamukodola kuti awerame.

"Alamu, za lerozi zisamveke kumpingo. Mukati ndinakomoka, munasaina ndinu."

"Kunama sinditha, mukudziwa. Koma ndikhala chete."

"Mwachita bwino. Mulungu akudalitseni."

"Kungoti ndifunse, kuti ndimvetse. Ndiye kuti n'zololeka?"

A Mkulu anayang'ana nesi, anayang'ana chitseko cha fiyeta chomwe chinali chitatseguka kale. "Nthawi zina," anatero chapansipansi, "n'zololeka."

Kalipentala anagwedeza mutu, n'kuika nsapato zija bwinobwino pansi pa benchi, zoyang'ana kumodzi.

"Ndiye mukachira mudzandiperekeze kumanda, mukamuuze nokha mlongo wanu. Ine zaka zinayi ndakhala ndikumuuza kuti anachita bwino kufa, kwa ine sakakhulupirira."