Makutu Anga Anatsala M'nyanja Yamchere

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu, abale ndi alongo. Ngati ndikukuwa mundikhululukire, mawu anga omwe sindiwamva.

Ndine Jailosi, kwathu ndi kunyanja ya Chiuta. Ndinali msodzi, ndili ndi bwato langalanga, mkazi, ndi kamwana kokwawa dzina lake Esinati. Koma mtima unali m'mwamba. Nditamva kuti kunyanja yamchere, kwa Apwitikizi, akufuna odziwa kumira, ndinanyamuka wapansi.

Ntchito yake inali yotola magajojo. Si nsomba iyayi, abale. Ndi chinthu chonga bongololo wonenepa, chopanda maso, chimangogona pamchenga pansi pa madzi, m'mbali mwa matanthwe. Tinkawiritsa, kukwirira mumchenga, kuyanika mpaka kuuma gwa. Ife sitinkadya. Amalonda ankatumiza kutali, kwa anthu amene akuti amazikonda.

Tinkakhala pakachilumba. Anzanga onse ankalankhula Chimakuwa. Moni wa kwathu ndinamusowa zaka ndi zaka. Ndinkadzipatsa moni ndekha, n'kudziyankha ndekha! Pemphero langa linali limodzi: Ambuye, ndidzamvenso munthu akundilankhula m'chinenero cha amayi anga.

Magajojo a pafupi atatha, tinayamba kumira mozama. Tsiku lina m'mutu munangoti phu! Ndinavuuka magazi akutuluka m'makutu. Dziko lonse zii.

Ndinabwerera kumudzi. Mkazi anali atakwatiwa ku Phalula, anapita ndi mwana, ndipo sindimuda. Abale anandizungulira, milomo ikugwedera, ine osamva kanthu. Atatopa kukuwa anayamba kungondikodola ndi dzanja. Ndinasungulumwa kwathu kuposa pachilumba paja. Kutchalitchi ndinasiya. Ndinati Mulungu wandiseka.

Kenako kunabwera mtsikana, anthu n'kundilozera kuti ndi Esinati. Anayesa kundilankhula kukhutu lamanja, osatheka. Makani anatengera ine mwanayu! Anazungulira kumanzere, nakanikiza pakamwa pake pafupa la kuseri kwa khutu.

"Bambo, muli bwanji?"

Ndinamva, abale! Timawu tochepa ngati udzudzu, koma ndinamva! Ndinalira.

Lero ndimakhala kwa iye kuno ku Phalula, ndimaluka madengu ogulitsa kumsewu. M'tchalitchi muno amakhala kumanzere kwanga, n'kumandiuza ulaliki pang'onopang'ono. Makutu sanabwerere, koma chimene ndinapempha ndinalandira. Zikomo Ambuye.

Tsono mukati ameni, ine sindimva. Kwezani manja, abale, ndione.